Kodi kachipangizo kowala ka pachifuwa pa Iron Man kangatheke?

Funso

"Ndine bambo wa ana atatu, ndipo timakonda kuonera limodzi mafilimu a Iron Man. Mwana wanga wachisamba, mnyamata yemwe amakonda sayansi, akuumirira kuti kachipangizo kowala ka pachifuwa pa Tony Stark, kamene amakatcha arc reactor, asayansi atsala pang'ono kukapanga. Ine ndimamuuza kuti ndi nthano basi. Tatsutsana mpaka tatopa. Kodi akulondola ndani? Ngati n'kosatheka, chikuletsa n'chiyani kwenikweni?"

Yankho

Zikomo bambo polemba. Mnyamata wanuyo musamutsutse kotheratu, chifukwa mbali ina ya zomwe akunenazo ndi yoona, ndipo ndi mbali yomwe anthu ambiri amaiyesa bodza. Ambiri akaona kachipangizo kaja amati kanthu kochepa ngati chibakera sikangasunge mphamvu zochuluka chonchija. Kangasunge ndithu, chilengedwe chimalola. Nkhaniyi imakagwera pena: pa kutentha ndi cheza zomwe zimatuluka limodzi ndi mphamvuzo, komanso pa mfundo yoti kachipangizoko kali m'chifuwa cha munthu wamoyo, masentimita owerengeka kuchokera pamtima. Apa ndi pomwe inu mukulondola. Ndikupatsani manambala kuti mukakhala pansi ndi mwanayo muwerengetsere limodzi, chifukwa masamu ake ndi ochulukitsa ndi kugawa chabe.

Filimu yoyamba ya mu 2008 imatipatsa yokha poyambira. Stark atapanga kachipangizoka kuphanga komwe anamutsekera, amanena kuti kamatulutsa magigajulo atatu pa sekondi, ndipo kangayendetse chinthu chachikulu kwa mphindi 15. Pa Chichewa liwu loti mphamvu timaligwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana, ndiye ndizilekanitse kaye. Julo ndi muyezo wa kuchuluka kwa mphamvu, ngati madzi omwe ali mu thanki. Wati ndi muyezo wa liwiro lomwe mphamvuzo zikutulukira, ngati madzi omwe akudutsa pampope. Wati imodzi ndi julo imodzi pa sekondi. Ketulo yamagetsi imadya mawati pafupifupi 2,000. Munthu wongokhala pampando amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Tsono magigajulo atatu pa sekondi ndi mawati 3 biliyoni, kapena kuti magigawati atatu. Damu la Hoover ku United States, makina ake onse akamazungulira, limangopitirira pang'ono magigawati awiri. Riyakitala imodzi yaikulu ya nyukiliya, yomwe ndi makina otulutsa mphamvu poswa maatomu, imapereka magetsi okwana pafupifupi gigawati imodzi. Stark wavala pachifuwa mariyakitala atatu oterowo.

Mphindi 15 ndi masekondi 900. Mukachulukitsa mupeza majulo 2,700 biliyoni. Kuti muwapeze mu petulo pangafunike matani pafupifupi 60, ndipo apo tikuyerekeza kuti palibe dontho lotayika. Mabatire a lithium, omwe ali m'mafoni ndi m'magalimoto amagetsi, angafunike olemera matani pafupifupi 3,000. Palibe katswiri yemwe angafinye matani amenewa n'kukhala kanthu kolowa m'thumba, chifukwa petulo ndi batire zimatapa mphamvu kwa maelekitironi, tinthu tating'ono tokhala chakunja kwa atomu, ndipo mphamvu za kumeneko malire ake ndi odziwika. Njira iliyonse yoyatsa mafuta kapena yosakaniza makemikolo yathera pomwepa.

Koma pakati pa atomu pali kanjere kake, nyukiliyasi, ndipo mphamvu zogona mmenemo zimaposa za makemikolo kuwirikiza mamiliyoni. Pali njira ziwiri zozitulutsira. Mukhoza kuswa njere yolemera ngati ya uranium, zomwe mariyakitala a masiku ano amachita. Kapena mukhoza kuphatikiza njere ziwiri zopepuka kuti zikhale imodzi, zomwe asayansi amazitcha fusion, ndipo ndi zomwe zimayatsa dzuwa ndi nyenyezi. Pa njira yoswa, majulo 2,700 biliyoni aja angatuluke mu magalamu oposa pang'ono 30 a uranium-235. Pa njira yophatikiza deuterium ndi tritium, yomwe ndi mitundu iwiri yolemererapo ya haidrojeni, pangafunike magalamu 8 okha. Kulemera kwake sikukwana kwa masipuni aang'ono awiri a madzi. Deuterium ndi wosasowa: m'madzi a m'nyanja, pa maatomu a haidrojeni pafupifupi 6,400 alionse, imodzi ndi deuterium. Mwana wanu akamati mafuta a kachipangizoka angakwane m'chifuwa, akunena zoona, ndipo malo angatsale.

Vuto loyamba ndi kuyatsa motowo. Njere za maatomu zonse zili ndi chaji yofanana, choncho zimakankhana monga zimachitira mbali zofanana za maginito awiri. Kuti ziyandikane mpaka kugwirana, ziyenera kuthamanga koopsa, ndipo kuthamanga kwa tinthu timeneti ndiko timakutcha kutentha. Pakatikati pa dzuwa kutentha kumafika madigiri 15 miliyoni, ndipo kulemera kwa dzuwalo kumafinya mpweya wake mwamphamvu yomwe sitingaipange pansi pano. Ngakhale zili choncho, dzuwa limayaka pang'onopang'ono kwambiri. Izi ophunzira ambiri sazikhulupirira akazimva koyamba: kilogalamu iliyonse ya thupi lanu imatulutsa kutentha kochuluka kuposa kilogalamu ya dzuwa kuwirikiza masauzande angapo. Dzuwa limawala chonchi chifukwa ndi lalikulu mosaneneka. Munthu akanati adule kachidutswa ka pakati pa dzuwa kofanana ndi chibakera, kakupitiriza kuyaka monga mwa nthawi zonse, sikakanayatsa ngakhale babu la tochi. Ndiye mawu oti kadzuwa kakang'ono pachifuwa ndi osocheretsa. Chomwe Stark akufuna n'choposa dzuwa kutalitali.

Poti pansi pano tilibe kulemera kwa dzuwa, timabwezera ndi kutentha: madigiri 100 miliyoni mpaka 150 miliyoni. Mpweya ukatentha chonchi maelekitironi amachoka pa njere zawo, ndipo umasanduka chomwe timachitcha pulazima. Palibe chitsulo chomwe chingaukhudze. Amaugwira m'malere ndi maginito, m'chipangizo chozungulira ngati tayala chotchedwa tokamak, chomwe maganizo ake anayamba ndi Igor Tamm ndi Andrei Sakharov ku Soviet Union kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mukayang'anitsitsa arc reactor, mphete yake ija yokulungidwa mawaya ikufanana ndi tokamak yaing'ono. Pa zaka zomwezo John Lawson wa ku Britain anasonyeza kuti moto wa fusion umadzilipira wokha pokhapokha zinthu zitatu zikakwanira pamodzi: kutentha, kuthithikana kwa pulazimayo, ndi nthawi yomwe imasunga kutentha kwake. Chachitatuchi ndicho chimadana ndi zipangizo zazing'ono. Khala limodzi la moto mukalipatula limazima msanga, pomwe mulu wa makala umachezera usiku wonse. Pulazima yochepa imataya kutentha isanapindule kanthu.

N'chifukwa chake makina enieni ndi akuluakulu. ITER, yomwe mayiko ambiri akumanga mogwirizana ku Cadarache kummwera kwa France, idzalemera matani 23,000, ndipo cholinga chake n'kutulutsa mamegawati 500 a kutentha kuchokera pa mamegawati 50 olowetsedwa mu pulazima (megawati imodzi ndi mawati 1 miliyoni). Mamegawati 500 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a zomwe kachipangizo ka Stark kamatulutsa. Maginito ake adzawaziziritsa kufika madigiri 269 pansi pa ziro, pomwe mamita ochepa kuchokera pamenepo padzakhala pulazima yotentha kuposa pakati pa dzuwa kakhumi. Makina a JET ku Culham, ku England, asanawatseke kumapeto kwa 2023 anatulutsa majulo 69 miliyoni m'masekondi pafupifupi asanu, kuchokera ku mafuta olemera mamiligalamu 0.2. Ndipo nkhani yomwe mwina mwana wanu anaimva ndi ya pa 5 December 2022, pomwe asayansi a National Ignition Facility ku California analoza malaser 192, omwe ndi mikwingwirima ya kuwala kwamphamvu kwambiri, pa kambulunga kakang'ono ka mafuta. Kuwala kwa majulo 2.05 miliyoni kunalowa, ndipo majulo 3.15 miliyoni anatuluka. Kanali koyamba kuti fusion ya m'labotale ibweze zochuluka kuposa zomwe zinafika pa mafutawo, ndipo ine ndimaiona ngati ntchito yaikulu yoyenera ulemu. Komabe majulo 3.15 miliyoni angawiritse malita 9 okha a madzi, ndipo kuti malaserwo awombe kamodzi anadya magetsi okwana majulo pafupifupi 300 miliyoni, m'nyumba yaikulu ngati mabwalo atatu a mpira.

Pa vuto la kukulali ndisamuphere chiyembekezo mnyamatayo. Maginito akamakula mphamvu, makina amatha kuchepa. Mu September 2021 kampani ya Commonwealth Fusion Systems, mogwirizana ndi sukulu ya MIT, inayesa maginito amtundu watsopano ofika matesla 20 (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito), ndipo tokamak yomwe ikumanga ku Massachusetts ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ITER. Kuchokera pa nyumba kufika pa chibakera ulendo ndi wautali zedi, koma ili ndi vuto la luso, ndipo pa mavuto a luso anthu akhala akudabwitsa. Sindingalumbire kuti zaka mazana awiri zikubwerazi palibe yemwe adzachepetse makinawa koposa momwe tikuganizira lero.

Filimuyo imalambalala vuto lonseli ndi chitsulo chotchedwa palladium. Chitsulochi chilipodi, ndipo chimapezeka m'zosefera utsi wa galimoto. Chili ndi khalidwe lodabwitsa: chimamwa haidrojeni ngati siponji, mpaka kuwirikiza 900 kukula kwake. Pa 23 March 1989, Martin Fleischmann ndi Stanley Pons analengeza ku University of Utah kuti apeza fusion m'botolo la patebulo, popanda kutentha kwa mamiliyoni, pogwiritsa ntchito palladium yomwa deuterium. Dziko lonse linatekeseka. Malabotale ambiri anayesa kubwereza zomwezo ndipo sanapeze zomwe awiriwo ananena. Chifukwa chake n'chomveka. Maatomu a deuterium olowa mu palladium amakhalabe motalikirana kwambiri poyerekeza ndi kamtunda komwe njere zimagwirana, ndipo fusion ikanachitikadi pamlingo womwe ankanena, cheza chake chikanavulaza anthu omwe anaima pafupi ndi botololo.

Mfundo yomalizayi yatifikitsa pa mavuto awiri omwe si a luso. Awa ndi omwe chilengedwe chakana.

Deuterium ndi tritium zikaphatikana zimabala njere ya hiliyamu ndi kanthu kena kotchedwa nyutironi. Pa mphamvu zonse zotuluka, magawo 80 pa 100 amapita ndi nyutironiyo. Nyutironi ilibe chaji, choncho maginito saigwira ndipo sangaikhotetse. Imatuluka molunjika kulowera mbali iliyonse. Kachipangizo ka magigawati atatu kangalavule manyutironi okwana 1 wotsatidwa ndi maziro 21 pa sekondi iliyonse, ndipo ambiri a iwo njira yawo ikudutsa mumtima, m'mapapo ndi mumsana.

Thupi la munthu limapirira cheza chochepa modabwitsa. Majulo 4 kapena 5 a cheza pa kilogalamu iliyonse ya thupi amapha pafupifupi theka la anthu omwe awalandira ngati sanathandizidwe kuchipatala. Kwa munthu wa makilogalamu 70 amenewo ndi majulo 350. Mphamvu zomwezo mutaziika m'kapu ya madzi sizingawatenthetse ngakhale ndi theka la digiri. Cheza sichipha pootcha. Chimadula DNA m'maselo, makamaka a m'mafupa omwe amapanga magazi ndi a m'matumbo, ndipo munthu amafa patapita masiku kapena masabata. Tsono tiyerekeze mokomera Stark kuti pa manyutironi 1,000 alionse, imodzi yokha ndiyo ikusiya mphamvu zake m'thupi mwake. Akulandirabe mawati 2.4 miliyoni. Majulo 350 aja akwana asanaphethire, ndipo pomwe chikope chikutsika akhala atalandira mlingo wakupha kambirimbiri.

Mwana wanu afunsa kuti bwanji osakuta kachipangizoko ndi chitsulo cholimba. Kulimba sikuthandiza pa nyutironi. Nyutironi imaima pokhapokha ikagunda njere ya atomu, ndipo atomu mbali yaikulu ndi malo opanda kanthu. Nyutironi yothamanga ya fusion imayenda masentimita angapo m'chitsulo kapena m'madzi isanagunde chilichonse, ndipo iyenera kugunda kangapo kuti ifooke. Chomwe chimateteza ndi kuchindikala. Mapulani a makina a fusion amaika khoma la zitsulo ndi madzi lochindikala pafupifupi mita imodzi kuzungulira pulazima, kenako konkire kunja kwake. Chitsulo chatsopano chopangidwa m'labotale sichingasinthe izi kwenikweni, chifukwa zinthu zonse zolimba zimapangidwa ndi maatomu, ndipo maatomu onse ali ndi mipata yotereyi.

Anthu anayesapo kuuluka ndi riyakitala. Pakati pa 1955 ndi 1957 asilikali a United States anaulutsa ndege yotchedwa NB-36H itanyamula riyakitala yoyaka. Riyakitalayo sinkayendetsa ndegeyo, ankangofuna kuona ngati oyendetsa angatetezeke. Chipinda chawo anachikuta ndi mtovu ndi labala, ndipo chinalemera matani oposa 10, chikhalirecho riyakitalayo inali kutali kumbuyo kwa ndege. Ntchito yonse yopanga ndege ya nyukiliya anaithetsa mu 1961. Sitima zapamadzi ndi zapansi pa madzi zimayenda ndi nyukiliya mpaka lero chifukwa madzi amanyamula kulemera kwa zotchingirazo mosavuta.

Ilipo mitundu ya fusion yosatulutsa manyutironi ambiri. Yodziwika ndi yophatikiza haidrojeni wamba ndi boron-11, yomwe imabala njere zitatu za hiliyamu. Njerezi zili ndi chaji, ndiye pa mfundo zake zikhoza kusandutsidwa magetsi mwachindunji. Ndikanakhala wolemba nthanoyi ndikanasankha imeneyi. Koma imafuna kutentha kopitirira madigiri 1 biliyoni, palibe yemwe waifikitsa pobweza zomwe yadya, ndipo pulazima yotentha chonchi imawala ndi cheza cha X-ray chomwenso chimafuna chotchingira. Manyutironi ochepa amatulukabe, ndipo kachigawo kochepa ka magigawati atatu ndi kakupha.

Tsopano kutentha. Ili ndi vuto lomwe ndimaliona lalikulu kuposa onse, chifukwa silisankha gwero. Kaya mphamvuzo zikuchokera ku fusion, kaya ku chinthu chomwe sitinachitulukire, makina alionse osandutsa mphamvu kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina amataya gawo lina ngati kutentha. Gwirani chaja ya foni ikamagwira ntchito mumva kufunda. Sadi Carnot wa ku France anayamba kulongosola malire amenewa mu 1824, ndipo kuchokera pamenepo palibe makina omwe awathawa. Malo opangira magetsi a nyukiliya amasandutsa magetsi gawo limodzi mwa atatu a kutentha kwawo. Magawo awiri otsalawo amawataya mumtsinje, m'nyanja, kapena kudzera mu nsanja zazikulu zotulutsa nthunzi zija. Makina abwino kwambiri oyendera gasi amangopitirira pang'ono 60 pa 100.

Timupatse Stark 99 pa 100. Gawo limodzi lotayikalo ndi mawati 30 miliyoni a kutentha, m'chifuwa. Thupi lathu limakhala pa madigiri 37, ndipo likafika cha pa 42 ubongo ndi ziwalo zimayamba kuwonongeka. Kukweza thupi la makilogalamu 70 ndi madigiri asanu amenewo kumafuna majulo pafupifupi 1.2 miliyoni. Gawani nambalayi ndi 30 miliyoni mupeza masekondi 0.04. Timukomere mtima koposa, timupatse 99.99 pa 100, zomwe palibe makina opanga magetsi anaziyandikirapo. Zotayika ndi mawati 300,000, zofanana ndi maketulo 150 oyaka nthawi imodzi pansi pa fupa la pachifuwa. Thupi lonse lifika madigiri 42 m'masekondi anayi, ndipo mnofu woyandikana ndi kachipangizoko ukhala utapsa kale.

Thupi lili ndi njira yake yozizirira, yomwe ndi thukuta. Lita imodzi ikauma pakhungu imachotsa majulo pafupifupi 2.4 miliyoni. Wothamanga wozolowera dzuwa akhoza kutuluka malita awiri pa ola, zomwe zikufanana ndi mawati pafupifupi 1,300. Sizikwana kuziziritsa ngakhale ketulo imodzi mwa 150 aja.

Mwina mungati chovala chachitsulocho ndicho chizitaya kutenthako. Tiwerengenso. Kunja kwa chovala cha munthu wamkulu kuli malo okwana masikweya mita awiri. Chinthu chotentha chimataya mphamvu powala, ndipo lamulo la Stefan ndi Boltzmann limatiuza kuchuluka kwake. Kuti malo amenewa ataye mawati 300,000 powala, chovalacho chiyenera kufika madigiri pafupifupi 1,000, n'kumanyeka ngati chitsulo cha pa ng'anjo, munthu ali mkati. Pa mawati 30 miliyoni chiyenera kupitirira madigiri 3,700, pomwe tungsten, chitsulo chomwe chimachedwa kusungunuka kuposa zonse, chimasungunuka pa 3,422. Mphepo ya pouluka ingathandizeko, koma Stark amamenyanso nkhondo ataima pansi, nthawi zina m'nyumba. Ndipo kutenthako kusanafike pa chovala kuyenera kuchoka pa kachipangizo kozunguliridwa ndi nthiti, mapapo ndi mitsempha. Mukaona chithunzi cha malo opangira magetsi, mbali yomwe imapanga mphamvu imakhala yaing'ono, ndipo zimphona zomwe zimaoneka patali ndi zotayira kutentha. Filimu inatenga mbali yaing'onoyo n'kusiya zimphonazo.

Mnyamata wochenjera anena kuti magigawati atatu ndi kukokomeza kwa filimu, ndipo munthu safuna zonsezo kuti auluke. Akhala akulondola. Richard Browning wa ku Britain, yemwe anayambitsa kampani ya Gravity Industries mu 2017, amauluka ndi chovala cha tiinjini ta jeti tisanu ta mphamvu pafupifupi mahosipawa 1,000, zomwe sizikwana megawati imodzi. Amakhala m'mwamba mphindi zowerengeka mafuta n'kutha. Ndiye titsitse arc reactor kufika pa megawati imodzi. Kutentha kotayika pa 99 pa 100 kukhala mawati 10,000, maketulo asanu m'chifuwa, zomwe munthu sangakhale nazo moyo pokhapokha kachipangizoko katachoka m'thupi n'kupita kumsana, kunja, pamodzi ndi zoziziritsira zake. Manyutironi akhala mawati 800,000, ndipo mlingo wakupha ukwanabe sekondi isanathe. Kuchepetsa ka 3,000 sikunamupulumutse. Onaninso kuti chovala cha Browning chimauluka chifukwa chimakankhira mpweya pansi. Magetsi paokha sanyamula munthu, payenera kukhala chinthu chokankhidwa, ndipo m'mlengalenga mopanda mpweya chovalacho chiyenera kunyamula chokankhacho.

Ena amatchula antimatter, yomwe ikakumana ndi zinthu wamba zonse ziwiri zimasanduka mphamvu kotheratu. Pa majulo 2,700 biliyoni pangafunike mamiligalamu 15 okha a antimatter. Koma antimatter sikumbidwa, imachita kupangidwa, ndipo kuipanga kumadya mphamvu zochuluka kwambiri kuposa zomwe imabweza. Mu 2011 asayansi a ku CERN, labotale yaikulu ya ku Ulaya, analengeza kuti asunga maatomu a antihydrogen, yomwe ndi antimatter ya haidrojeni, kwa masekondi 1,000, ndipo maatomu omwe anagwira pa kafukufukuyo anali mazana ochepa. Ikaphulika, mbali yaikulu ya mphamvu zake imatuluka ngati cheza cha gamma ndi tinthu tina tobowola kwambiri. Tabwerera pomwe tinali.

Za maginito oletsa tizidutswa ta bomba kufika pamtima, zomwe ndi ntchito yoyamba ya kachipangizoka m'nthanoyo, sizifuna magigawati. Maginito a neodymium amakoka chitsulo popanda magetsi alionse. Dokotala angadandaule zina, zoti maginito amphamvu angakokere tizidutswato kudutsa m'mnofu n'kung'amba mitsempha.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mumuuze mwana wanu, chifukwa ambiri sachidziwa. Anthu anayendapo ndi gwero la mphamvu za nyukiliya m'chifuwa. Mu 1970, ku Paris, madokotala anaika mwa wodwala kachipangizo kothandiza mtima kugunda koyendera plutonium-238, ndipo m'zaka zotsatira odwala ena ku Ulaya ndi ku America analandira tofanana nato. Plutonium yake inali yosakwana galamu imodzi. Mtundu umenewu umafunda wokha pamene njere zake zikusweka pang'onopang'ono, ndipo pamatenga zaka pafupifupi 88 kuti theka lake lithe. Tizitsulo tina timasandutsa kufundako kukhala magetsi. Cheza chake chachikulu ndi cha mtundu wa alpha, chomwe ngakhale pepala limachitchinga, choncho kachikuto kachitsulo kanali kokwanira. Odwala ena anakhala nato zaka makumi angapo osasintha batire, mpaka mabatire a lithium atabwera n'kutilowa m'malo. Kameneka ndiko kachibale kenikeni ka arc reactor: kakang'ono, ka nyukiliya, kokhala m'chifuwa, kosunga mtima wa munthu. Kanatheka chifukwa magetsi omwe kankapereka sankakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati imodzi. Galamu ya plutonium-238 imatulutsa kutentha kopitirira pang'ono theka la wati, ndiye kuti mupeze magigawati atatu mungafunike matani oposa 5,000, ndipo simungaizimitse.

Njira yomweyi ndi yomwe imapatsa magetsi zombo za Voyager zomwe zinanyamuka mu 1977, komanso galimoto ya Perseverance yomwe inatera pa Mars mu 2021. Jenereta ya Perseverance imalemera makilogalamu pafupifupi 45. Plutonium yake imatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 2,000, ndipo pa amenewo mawati pafupifupi 110 okha ndiwo ankasanduka magetsi jeneretayo ili yatsopano. Mupezereni mnyamatayo chithunzi cha galimotoyi ndipo ayang'ane kumbuyo kwake. Aona chinthu chonga mgolo wopendekeka, chokhala ndi zipsepse zisanu ndi zitatu zachitsulo kuzungulira. Zipsepsezo ntchito yake n'kutaya kutentha kotsalako, komwe ndi kwa ketulo imodzi yokha. Akaziona, mufunseni kuti za maketulo 150 angaziike pati pathupi la Tony Stark.